Nyenyezi za pa Foni ya Delifa

1.

Ndi zaulere, analemba choncho mayi wina pa gulu la WhatsApp la makolo ophunzitsa ana kunyumba. Zonse ndi zaulere, mayi. Masiku ano sukulu ili m'manja mwanu.

Ndinayang'ana m'manja mwanga. Munali foni yong'aluka galasi imene bambo a Zione anatumiza kuchokera ku Joni, ndi singano.

2.

Ndine Delifa, telala wa pakhonde ku Chinamwali kuno ku Zomba. Ndimasoka mayunifolomu a ana a eni. Wanga, Zione, wa zaka khumi ndi chimodzi, ali m'nyumbamo. Ndinamuchotsa sukulu ndekha ndipo sindinapepese kwa munthu.

Amadwala khunyu. Ena amati matenda akugwa, poganiza kuti akalifewetsa dzinalo nthaka nayo ifewa.

3.

Kalasi yawo ya Sitandade 5 inali ya pansi pa mtengo. Anagwa pakati pa phunziro. Ana anamwazikana ngati aona njoka, wina akukuwa kuti musakhudze thovulo, mutenga. Munthu wamkulu ndithu anathamanga ndi supuni n'kumukanikiza nayo m'kamwa, dzino n'kubenthuka. Pamene ndinkafika anali gone pafumbi, diresi itanyowa, sukulu yonse itamuzungulira chapatali ngati akuonera gule.

Kuchipatala anati mankhwala azimwa, sukulu azipita. Amene ananena zimenezo sanamuone pafumbi paja. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

4.

Zofunika kuti mwana aphunzire kwaulere, malinga ndi amayi a pa gulu aja:

laputopu, ngakhale yakale
pulinta
intaneti yosadukaduka
chipinda chachete chokhala ndi tebulo la msinkhu wa mwana
magetsi
mtima woleza

Zimene Delifa ali nazo:

foni
mtima, koma wosaleza

5.

Mawu a bambo a Zione, a Lameki, ojambulidwa pa foni, kumbuyo kukumveka magalimoto a ku Joni:

Mayi a Zione, ndamva. Sindikukana, koma mwana asafe mutu chifukwa cha mantha anu. Ndakupatsani mpaka Disembala. Ndikabwera n'kupeza kuti watsalira, apita ku Mchinji kwa achemwali anga a Febe. Iwo ndi aphunzitsi, akamulowetsa sukulu yawo. Ndatha ine.

Mchinji.

Ulendo wa tsiku lathunthu, kutsika basi kukwera ina. Alamu anga a Febe ndi munthu wabwino, sindiwanenera choipa. Koma sadziwa kuti Zione asanagwe amayamba kutafuna m'kamwa muli mbee, kenako maso amaima. Sadziwa mbali imene amagwera. Zimenezo ndimadziwa ndine ndekha pa dziko lonse lino.

6.

Mwa maphunziro onse aulere aja ndinasankha pulogalamu ya pa foni yokhala ndi kagologolo kojambula. Mavidiyo ake ungathe kuwatsitsa n'kukaonera kunyumba. Koma mafunso a kumapeto kwa phunziro amafuna netiweki, ndipo phunziro lotsatira silitseguka mpaka utakhoza onse. Bandulo yanga inkatha kagologolo kasanamalize n'kupereka moni komwe.

M'tauni muli bungwe lina la achinyamata limene wayifayi yake imatayikira pakhonde. Ndi zaulere. Ndiye Lachiwiri ndi Lachisanu ndimavundikira makina, ndimayenda wapansi. Zione sindipita naye, msewu uja ndi wa malole ndi dzuwa. Amatsala, Anasibeko ogulitsa makala pakhomo loyandikana amamutchera khutu.

Ntchito imayenda motere. Pakhonde paja ndikopera mafunso papepala. Kunyumba Zione aonera vidiyo, ayankha. Ulendo wotsatira ndilowetsa mayankho ake mu foni, phunziro lina litseguka, ndikopera mafunso ena. Ine ndine mthenga chabe. Akuluakulu amati kandimverere anakanena za m'maluwa, koma akuluakuluwo analibe mwana wakugwa.

7.

Amayi, pitsa n'chiyani?

Chigumu cha azungu. Yankha funso.

Akuti Emma wadya magawo atatu mwa magawo eyiti. Wadya yekha? Anzake anali kuti?

Zione.

Nanga apa akuti masamba amagwa liti, ndalemba Ogasiti, kunja kukamauma. Si choncho?

Kwawo amagwa nthawi ina. Lemba za kwawoko.

Kwawo ndi kuti?

Kumene kumachokera zaulere. Lemba.

8.

Kagologolo kali ndi mawu awiri okha. Ukakhoza kamavina, kamaponya nyenyezi, kamati wakhoza, Zione. Ukalakwa kamagwetsa mchira.

Yesaninso.

Sikakwiya. Sikatopa. Sikadziwa kuti yankho limeneli lachokera ku Chinamwali wapansi, m'chikwama, pamodzi ndi ulusi.

Yesaninso.

9.

Iwe Delifa, wakhala pakhonde la eni, msana watsamira khoma, foni yakwezedwa m'mwamba pamene pamagwira netiweki. Funso ndi 3/4 + 1/8. Mwana wako walemba 4/12. Mchira wagwa.

Ubwerere ku Chinamwali? Ukamuuze kuti walakwa, akonze, ubwerenso Lachisanu, sabata yathunthu ithere pa funso limodzi, Disembala akubwera osayang'ana kumbali?

Unasiyira Sitandade 7, Chingerezi cha mu vidiyo umachimva cha apa ndi apo. Koma tepi yoyezera ili m'khosi mwako. Uyiyang'ana. Makota atatu a inchi, kuonjezapo kamzere kamodzi kakang'ono. Ulemba 7/8.

Wakhoza, Zione.

Kavina. Nyenyezi zagwa pagalasi long'aluka. Wamuthandiza kamodzi kokha, watero mumtima, ndipo kunyumba ukamufotokozera. Funso lachiwiri nalo walakwa. Lachitatunso. Tsiku limenelo unafika kunyumba dzuwa litapendeka.

10.

Ndi zaulere koma magetsi azima foni yatsala pang'ono kuthima, ndipita kwa ometa kukatchajitsa ometa ati jenereta ilibe mafuta, magetsi ayaka ndili kale pa msewu, ndifika pakhonde mlonda ati pasiwedi asintha amene akuidziwa wapita ku maliro, abwera masana andipatsa ndilowa foni iti memori yadzaza, ndifufuta zithunzi za ukwati wa mng'ono wanga ndifufuta nyimbo za kwaya ndifufuta ngakhale chithunzi cha malemu mayi anga kuti vidiyo ya madesimo ilowe, vidiyo ifika pakati iima, kanthu kaja kazungulira kazungulira kazungulira, anyamata khumi pakhonde pomwepo akutsitsa mpira ndi mafilimu ine ndikupempha ka vidiyo kamodzi ka mwana wodwala, wina ati masiteni bwerani m'mamawa kusanadzaze ngati m'mamawa ndimakhala ndikupesa tsitsi, mvula iyamba pepala la mafunso linyowa, kasitomala aimba kuti diresi yanga ya chinkhoswe bwanji, pulogalamu iti ikufuna kudzikonzanso kaye ndidikire, ndidikira, idzikonza, ibwera ndi kagologolo kovala chipewa chatsopano n'kundifunsa ngati ndikusangalala

11.

Kunyumba.

Zione, dzulo lomweli unakhoza zimenezi. Ndinakuona ndi maso angawa. Lero 6 kutaimusa 7 wakhala 36?

Ndaiwala.

Waiwala. Ukufuna kupita ku Mchinji?

Zione anayamba kusewera ndi pensulo.

Ndikufunsa iwe. Ukufuna akakusiye kwa azakhali ako, ukagwe pa moto popanda wokuona?

Ayi, amayi.

Ndiye bwanji ukundipweteka chonchi?

Anayang'ana pansi, akukanda mkeka ndi chala. Ndinamulalatira mpaka Anasibeko anatsokomola kuseri kwa mpanda. Kenako ndinachita mantha kuti mwina ndi mankhwala akumufooketsa mutu, mwina kugwa kuja kunasiya kanthu m'kati. Ndinakalowa ku bafa n'kulira osatulutsa mawu.

12.

Lachisanu lililonse ndimajambula nyenyezi n'kutumiza ku Joni. Umboni.

Mawu a a Lameki: Mwana wanga ameneyo. Mutu watengera kwathu. Ndaonetsa anzanga pa ntchito, mmodzi wa ku Zimbabwe akuti zimenezi kwawo ndi za ku sekondale. Pitirizani, mayi a Zione, sabata yamawa ndione zambiri.

Zambiri.

13.

Ndinafunsa pa gulu. Amayi anzanga, kodi kulibe zaulere za kuno kwathu? Chichewa, Ulimi, mitsinje yathu, zimene amafunsa pa mayeso a Sitandade 8?

Wina anayankha ndi timanja topemphera.

Wina anatumiza linki ya maphunziro a dziko lina, aulere sabata yoyamba yokha.

Wina anati ife mayeso akuno sitiwawerengera, ana athu adzalemba akunja.

Wina anati ingopulintani, mayi.

Wina anatumiza chithunzi cha mwana wake akuphunzira za mapiri ophulika pa tebulo la msinkhu wake, kumbuyo kuli firiji yaitali kuposa chitseko changa. Ndinaika kamtima pa chithunzicho. Ulemu ndinaphunzitsidwa.

14.

Maphunziro ankakwera. Kagologolo kakaona kuti Zione akukhoza, kamamudumphitsa. Madesimo, mapelesenti, manambala a pansi pa ziro. Kunyumba Zione ankayang'ana vidiyo ngati akuonera mvula, n'kulemba chilichonse. Pakhonde Delifa ankafufuta.

Ndiye kunabwera x.

Mayi ameneyu anaionera vidiyo ya x katatu, pang'onopang'ono, akuimika pa liwu lililonse. Chinthu chobisika chimene umachipeza pochotsa mbali zonse ziwiri mofanana, ngati kudula miyendo ya thalauza. Atachipeza koyamba anaseka yekha pakhonde la eni, anyamata a mpira n'kucheuka. Kuyambira ali mtsikana palibe amene anamuuzapo kuti wakhoza. Tsopano ankauzidwa kawiri pa sabata, m'dzina la mwana wake.

Ankati ndikamufotokozera, akandipeza. Ankamufotokozeradi, mokweza, mopsa mtima. Mwana sankamupeza. Ndipo Lolemba madzulo, poika pepala m'chikwama, mtima wake unkakhala utafika kale m'tauni.

15.

Okutobala. Kutentha.

Novembala. Yesaninso.

Disembala.

16.

A Lameki anafika Loweruka ndi zikwama zamizeremizere za ku Joni, bulangeti, mafuta ophikira, nsapato za Zione zoperewera. Lamulungu titaweruka ku tchalitchi tinapeza alamu anga a Febe ali pakhonde. Akuti abwera kudzaona achimwene awo. Munthu wodzaona achimwene ake sabwera ndi chikwama china chopanda kanthu.

Mlamu, mwawanda, anatero.

Ndawonda, ndipo akudziwa.

17.

Titadya, a Lameki anatulutsa foni yawo yaikulu, n'kuthira bandulo osayang'ana n'komwe, n'kuigawira ku foni yanga. Netiweki inadzaza m'nyumba mwanga koyamba.

Achemwali, muone nokha. Zione, bwera. Aonetse azakhali ako.

Zione analandira foni yanga ndi manja awiri. Kagologolo kanatulukira. Anali asanakaonepo kakufunsa funso, ankangokadziwa pa zithunzi.

3x + 4 = 25

Ine ndinali pa makina, ndikunamizira kulowetsa ulusi umene unali wolowa kale.

Yankha, mwana wanga. Usachite manyazi.

Sindidziwa, ababa.

Iwe, nyenyezi zonse zija? Taona bwinobwino.

Sindidziwa.

Analemba 25. Mchira unagwa. Yesaninso. Analemba 4. Yesaninso. Thukuta linayamba pamphuno pake, ndipo ine ndinkayang'ana nsagwada zake, chifukwa akapanikizika kwambiri kumabwera kugwa. A Febe anapinda manja. A Lameki anayamba kugogoda bondo.

Seveni.

Sindinafune. Linangotuluka lokha, ngati kuyetsemula. Zione analemba 7. Kagologolo kanavina m'nyumba ya zii, kakuponya nyenyezi.

Wakhoza, Zione.

18.

A Lameki anayang'ana foni, anayang'ana ine, anayang'ananso foni.

Mayi a Zione. Chaka chonsechi amene amaphunzira ndi ndani?

Ndinkafuna kunena za magetsi, za pasiwedi, za mapazi anga. Zonse zinali zoona ndipo palibe imene inali yankho.

Ine ndimagona ndi anthu sikisi m'chipinda chimodzi ku Joni kuja, ndikuonetsa anthu nyenyezi za mkazi wanga.

Achimwene, pang'onopang'ono, anatero a Febe. Mlamu anayesetsa. Koma chikomekome cha mkuyu, mwadzionera nokha. Mwana si wa foni. Ndimutenga, ndikamubweza Sitandade 5, akayambirenso.

Alamu, simudziwa m'mene amagwera.

Ndikaphunzira.

Akagwa muli ku kalasi ina? Akagwa ku mjigo? Usiku?

Mayi a Zione, anatero a Lameki, ndinanena kale. Longedzani.

19.

Zolowa m'chikwama cha a Febe:

madiresi atatu
juzi, ku Mchinji kumazizira
mankhwala, ndi buku la kuchipatala
mswachi
bulangeti latsopano lija
chitenje changa chimene amatsamira akadzuka ku kugwa

Manja anga ankapinda okha. Ndinamuchotsa kusukulu ya kuseri kwa msika kuti akhale pafupi ndi ine, ndipo ndamukankhira kumalire a Zambia. Ndinakwiyira kagologolo, gulu, magetsi, Emma ndi pitsa yake. Nditamaliza onsewo panatsala ine.

20.

Ndine Zione. Chaka chonsechi aliyense wanena za ine, koma palibe anandifunsa.

Ndinaima pakhomo la kuchipinda, amayi akutseka zipi, ababa ndi azakhali ali pabalaza. Ndinati ndili ndi mawu. Ababa anati nena.

Ndinati ine ndimapita kusukulu.

Tsiku loyamba lija ndinalakwa zenizeni, 4/12, ndipo amayi anabwera dzuwa litapendeka. Tsiku lonse ndinakhala ndekha ndikumva anzanga akuimba mataimusi kuseri kwa msika. Ndinaona kuti ndikakhoza amayi amabwera msanga, ndikalakwa amachedwa. Ndiye ndinayamba kulakwa dala. Amayi akangokhota pa msewu ndinkabwereka yunifolomu imodzi pa mulu wa makasitomala, ndikabwera ndinkaikung'untha n'kuibweza. Anasibeko anati iwo amagulitsa makala, sanaone kanthu. Pansi pa mtengo timakhala ambiri, wina akaonjezekera kumbuyo sizidziwika msanga. Aphunzitsi atandizindikira anangoti wabwera, khala apo. Anzanga atapita Sitandade 6 ndinapita nawo. Masiku amene ndajomba, Asiyatu mnzanga amandibwereka makope. Pambuyo pake za mu foni zinayamba kundivuta zenizeni, sindinafunikenso kunamizira.

6 kutaimusa 7, anatero azakhali.

42.

Anandifunsa mitsinje yothira mu Shire, anandifunsa mitundu ya dothi, anandipatsa samu yogawa yaitali papepala. Ina ndinalakwa. Zambiri ndinakhoza. Azakhali anaika pensulo pansi.

Achimwene, mwanayu ali kale pa sukulu. Ndimutengere kuti? Mukangomulembetsa bwinobwino Januwale, azipita masiku onse.

Ababa anapukusa mutu, anaseka pang'ono, anati nyumba ino aliyense amaphunzira mobisa, wopusa ndine ndekha. Anauza amayi kuti atsitse chikwama.

Amayi sanatsitse. Anali chiimire, dzanja lili pa zipi. Sanandikalipire za yunifolomu kapena za bodza. Anandifunsa motsitsa, ngati m'nyumbamo tili awiri.

Unagwako?

Kawiri.

Kumeneko? Pansi pa mtengo?

Eya.

Anakuika supuni?

Ayi. Ndinawauziratu zochita, zonse zimene mumachita inu. Kundigoneka chammbali, juzi pansi pa mutu, osandiika kanthu m'kamwa, kudikira. Ndinawauzanso kuti ndikayamba kutafuna adziwe kuti zayandikira. Asiyatu amaziona msanga, nthawi zina ine ndisanadziwe.

Ndiye amakugwira ndi Asiyatuyo.

Poyamba anali yekha.

Kachiwiri anakugwira ndani?

Onse.

Amayi anagwedeza mutu ngati munthu amene wamva nkhani yabwino. Inali yabwinodi, ndipo sindipitanso ku Mchinji. Koma ndinkawayang'ana nkhope, ndipo ndinaona kuti liwu limenelo lawapweteka kuposa Mchinji.